Mphasa imayambira kudambo

Anzanga, ambiri a ife usiku wathawu tagona pamphasa, koma ndani anayamba wafunsa kuti imachokera kuti? Ine ndinafunsa agogo aamuna nditawapeza akusoka ina pakhonde. Anangoloza kudambo.

Dambo si malo a ng'ombe ndi madimba okha ayi. Mtsinje wa South Rukuru umayambira kuno kumwera kwa boma la Mzimba, n'kumapita kumpoto ukulandira madzi a m'madambo ngati athuwa. Ukafika kumalire ndi Rumphi umapanga nyanja yaing'ono ya Kazuni, m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza. Kale kumeneko njovu zinali zosawerengeka. N'chifukwa chake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunabwera Abalowoka, amalonda amene anawoloka nyanja ya Malawi kudzagula minyanga ndi nsalu, mikanda ndi makasu. Ufumu wa Chikulamayembe ndi wa Katumbi wa ku Hewe unachokera kwa anthu amenewa. Zimenezi zisungeni, zikhoza kutuluka pa mayeso a History!

Tsono za mphasa. Bango amadula mvula ikatha, litakhwima bwino. Laliwisi silifunika, limafota n'kusiya mipata. Akaliyanika amaling'amba, kulipala ndi mpeni, kenako kuboola ndi singano yaitali yachitsulo n'kumalowetsa chingwe cha khonje mzere ndi mzere. Ndinayesako ine. Bango limacheka, eti! Zala ziwiri zinatuluka magazi ndisanamalize ndi mzere umodzi womwe, agogo akungoseka. Mwana wa Fomu 2 wodziwa algebra, koma bango lamukanika.

Kudambo komweko kumachokeranso mono wogwirira nsomba, udzu wofolerera nyumba ndi dothi loumbira mbiya. Agogo akuti mchere wa kusitolo usanafale, amayi ankawotcha zomera zina za kudambo n'kutcheza phulusa lake kuti athire m'ndiwo.

Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti bango likutha. Dambo la kwathu taligawana madimba a tomato ndi anyezi wokagulitsa pa Jenda, ndipo ena amalitentha posaka mbewa. Sindikunyoza dimba, chifukwa fizi yanga imachokera momwemo. Koma chaka chino agogo ayenda mtunda wautali kuti apeze mitolo itatu yokha, ndipo mwa zidzukulu zawo zonse palibe amene amatha kusoka. Loweruka likubwerali ndikukayesanso, zala ndakulunga kale nsanza.