Phunziro la Zoluka: Chipewa Chofunda cha Mwana Wakhanda

Aliyense amene anagonapo ku Livingstonia kapena m'mapiri a Phoka mwezi wa Juni amadziwa chisanu cha m'boma la Rumphi. Pamwamba pa Nyika, pomwe ndi potalika mamita oposa 2,000, mame amachita kuundana usiku. Wamkulu amaothera moto, koma mwana wongobadwa kumene, makamaka wosakwana masiku, amazizidwa msanga chifukwa mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. N'chifukwa chake anamwino amalangiza mayi kuti pomuika mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu, amuvekenso chipewa ndi masokosi. Phunziro lino ndi la chipewa chimenecho.

Zipangizo

Mufunika singano ziwiri zolukira, ulusi wofewa wa mitundu iwiri, tepi yoyezera ndi singano yosokera. Ngati singano zolukira palibe, masipoko a njinga opalidwa bwino kunsonga amagwira ntchito. Ulusi mungaupeze pomasula juzi yapakaunjika. Uchapeni ndi kuuyanika kuti uwongoke.

Yesani kaye dzanja lanu

Anthu awiri akaluka ndi ulusi umodzimodzi, nsalu zawo sizifanana, poti wina amakoka kwambiri, wina amalekerera. Lukani kansalu koyesera ndipo muwerenge masitichi a m'masentimita 10. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira pafupifupi masentimita 34, koma choluka chimatamuka, choncho chipewa chikhale cha masentimita 31. Ngati mwapeza masitichi 22, muyambe ndi masitichi 68. Mukadumpha muyeso umenewu, chipewa chidzathina mwana kapena chidzamutsikira kumaso.

Nzeru ya ku Lithuania

Ku Lithuania, dziko la kumpoto kwa Ulaya kumene madzi amaundana m'nyengo yozizira, amayi akhala akuluka masokosi ndi zovala zam'manja za mitundu iwiri. Pamzere umodzi amayendetsa maulusi awiri: wina ukuluka, wina ukudutsa kuseri. Kutsogolo kumaoneka maluwa, koma phindu lenileni lili kuseriko, chifukwa nsalu imakhala yophatikiza ndipo mphepo siilowa. Ambiri kumeneko amagwira ulusi kudzanja lamanzere n'kumaukola ndi singano yakumanja, zimene zimachepetsa kuyenda kwa dzanja. Alinso ndi tizovala tapamkono totchedwa riešinės, tomwe amayamba atunga mikanda pa ulusi asanaluke. Mikandayo isiyireni akuluakulu. Pachovala cha khanda siyofunika, angaimeze ikathothoka.

Kalukidwe kake

1. Yambani ndi mkombero wa masentimita 3: masitichi awiri akutsogolo, awiri akumbuyo, mpaka mzere uthe. Mkombero wotere umagwira mutu osafinya.
2. Lowetsani ulusi wachiwiri. Lukani masitichi awiri a mtundu woyamba, awiri a mtundu wachiwiri. Pakatha mizere iwiri, sinthanitsani mitunduyo.
3. Ulusi wodutsa kuseri musaukoke, apo ayi chipewa chikwinyika. Usadumphenso masitichi oposa 3 osaupiringiza pa unzake, kuopa kuti zala za mwana zingakodwemo.
4. Mukafika masentimita 10, dulani ulusi wachiwiri. Yambani kuchepetsa polumikiza masitichi awiri kukhala amodzi pamalo 8 otalikirana mofanana, mzere wina kuchepetsa, wina kungoluka.
5. Akatsala masitichi ochepera 12, pisani ulusi mwa onsewo, kokani, ndipo sokani mbali ndi msoko wosatundumuka.

Mukalakwitsa, masulani mpaka pamene panalakwika. Kumasula mizere itatu n'kwabwino kusiyana ndi kupereka chipewa chobooka pamwamba.

Ntchito ya sabata ino

Lukani kansalu koyesera ndipo muwerengere masitichi ofunika pa chipewa cha masentimita 27, cha mwana wosakwana masiku. Mubwere nako pamodzi ndi mawerengero anu kuti tiyerekeze. Chipewa chanu choyamba muchichape bwino musanakachipereke kwa mayi amene akudikira kuchipatala kapena m'mudzi mwanu, Juni asanafike.