Kakonzedwe ka madzulo a zojambula, nyimbo ndi ana m'nyumba ya zaluso

Nyumba zambiri zoonetseramo zojambula ndi zosema zimatsegula anthu ali ku ntchito, n'kutseka anthuwo akuweruka. Kenako eni ake n'kumadandaula kuti Amalawi sakonda zaluso, kuti obwera ndi alendo akunja okhaokha. Nanga mphunzitsi, namwino kapena mayi wa geni pamsika angabwere nthawi yanji? Anzathu kwina anaona vutoli kalekale. Ku Berlin anayamba mu 1997 kutsegula nyumba zosungiramo zakale ndi zaluso mpaka usiku, ndipo ku Cape Town, kuyambira 2012, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse nyumba za zojambula za pakati pa mzinda zimatsegula mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, anthu n'kumayenda wapansi kuchoka pa ina kupita pa ina. Koma kumeneko ochuluka amakhala akuluakulu, tambula ya vinyo m'manja. Kuno munthu akati "ndibwera", amabwera ndi mwana kumsana, wina wamugwira padzanja, mlamu wake ali pambuyo. Madzulo athu tiwakonzere anthu amenewa.

Yambani ndi nthawi. Dzuwa kuno silichedwa kulowa: mu June pofika hafu pasiti 5 kumakhala kukuda, ndipo ngakhale mu January silidikira hafu pasiti 6. Maminibasi nawo amayamba kusowa kukangoda. Ndiye tsegulani 4 koloko masana, ndipo pofika hafu pasiti 7 zonse zikhale zitatha. Ena adzakuuzani kuti zosangalatsa zenizeni zimayamba 9 koloko. Zoona, koma zimenezo ndi za kumalo omwera, ndipo banja lopanda galimoto silidzabweranso likangovutika ulendo umodzi pobwerera. Sankhani tsiku limodzi losasinthasintha, monga Loweruka loyamba la mwezi, anthu atangolandira kumene, kuti lizolowereke popanda kulengeza kwambiri. Ngati mukuyamba kumene, yambirani m'chilimwe, pakati pa May ndi October, mvula isakusokonezeni. Mu June ndi July lembani pa uthenga woitanira anthu kuti ana abwere ndi majuzi.

Mukagwirizana za tsiku, pitani pamalopo kukada, musanaitane aliyense. Malo amene mumawadziwa masana amasintha usiku: sitepe imene mumaidumpha osaganiza imasanduka msampha, njira ya kuchimbudzi ilibe getsi, pageti pali mdima wa ndiweyani. Yendani ndi mlonda, chifukwa iye ndiye amadziwa mbali imene kumadutsa anthu osaitanidwa. Poyendapo gawani malowo patatu. Mkati ndi mwa zojambula, pakhonde ndi pa oimba, pabwalo ndi pa ana ndi chakudya. Amene anafikapo ku Mandala House ku Blantyre, nyumba ya mu 1882 imene muli malo oonetsera zojambula a La Caverna, amva msanga zimene ndikunena: zipinda mkati, khonde lotakasuka, udzu panja. Malo anu ngakhale atachepa chotani, mfundo yake ndi yomweyo. Thobwa ndi mandasi zisalowe m'chipinda muli zithunzi.

Za mapepala ndizidutsa mwachangu, koma musazinyozere. Nyimbo zoimbidwa kapena kuulutsidwa pagulu zimafuna chilolezo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992. Zisangalalo za pagulu zilinso pansi pa lamulo la mu 1968 limene limayendetsedwa ndi Censorship Board, choncho kafunseni kumeneko za chilolezo kukadali milungu ingapo. Dziwitsani apolisi a dera lanu, ndipo oyandikana nawo nyumba muwauze pamaso, muwaitanenso. Mnansi amene wakhala pampando akumvera bangwe sangakadandaule za phokoso.

Tsopano kuwala, kumene ambiri amalakwitsa. Anthu amaganiza kuti usiku pamafunika kuwalitsa kwambiri, n'kuika babu lamphamvu pafupi ndi chithunzi. Kuwala kumafufutitsa utoto, ndipo utoto ukafufuma subwereranso. Osamalira zojambula amati za papepala, za utoto wamadzi ndi nsalu zisalandire kuwala kopitirira 50 lux, pomwe za penti ya mafuta zimapirira mpaka cha m'ma 200 lux. Pa foni mungapeze pulogalamu yoyezera kuwalako; siyeza ndendende, koma ikuchenjezani mukapyola malire. Gwiritsani mababu a LED chifukwa satentha, ndipo muwalozetse chapambali kuti galasi la chithunzi lisathobwe m'maso. Konzekeraninso kuzima kwa magetsi ngati kuti mwauzidwa kale kuti azima. Nyali za sola zotchajiratu zikhale pakona iliyonse, wina akhale ndi tochi m'thumba. Jenereta ikhale kutali, kumene mphepo ikupita, chifukwa utsi wake umadetsa zithunzi ndipo m'malo otsekeka umapha. Makandulo ndi koloboyi ayi ndithu.

Gawo la ana ndi limene liyenera kukudyerani nthawi yambiri, ndipo liyambe msanga kukadali kowala. Kulakwa kofala n'kuwatayira ana pakona ndi makrayoni kuti asasokoneze akuluakulu. Akatero amapita kwawo osaona chithunzi ngakhale chimodzi. Chitani mosiyana: ana ndiwo ayambe kulowa. Atengeni m'magulu a asanu ndi atatu kapena khumi, wamkulu mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, ndipo musawazungulitse nyumba yonse. Zithunzi zitatu zakwana. Akhazikeni pamkeka patsogolo pa chithunzi, chifukwa zithunzi timazipachika molingana ndi maso a munthu wamkulu, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo mwana akaima pafupi amangoona kunsi kwake. Musayambe ndi kufotokoza. Funsani: "Mukuona chiyani apa? Mayiwa akuchokera kuti? Nanga mtanga wasenzawo muli chiyani?" Mudzamva mayankho amene ngakhale wojambulayo sanawaganizire. Kwa aang'ono kwambiri, sandutsani chithunzicho ndagi. Inu mukati "Ndagi!" iwo adzayankha okha, ndipo pofunafuna yankho pakhoma adzakhala akuyang'ana chithunzi mosamala kuposa makolo awo.

Lamulo loti osakhudza lilipo, koma mwana kungomuuza kuti "usagwire" n'kumuputa dala. Lembani mzere wa choko pansi, mita imodzi kuchokera kukhoma, muwauze kuti umenewo ndi mtsinje wa ng'ona. Ndiye ikani tebulo limodzi la zinthu zololedwa kugwira: chiboliboli chosatha kusema, sompho wopanda mpeni wake, bulashi yakale, kachidutswa ka kanivasi kopakidwa penti. Manja akakhuta pamenepo savutanso kukhoma.

Akatuluka, apatseni chochita chogwirizana ndi zimene aona. Simufunika penti wodula. Makatoni odulidwa, makala, choko ndi katondo wosungunula m'madzi wothirako guluu pang'ono zikwanira. Auzeni za Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006: zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa. Mwana akadziwa kuti makolo akale ankajambula ndi dothi longa lomwe lili m'manja mwakemo, sachitanso manyazi ndi katoni yake. Mangani chingwe pakhonde, mupachikepo ntchito zawo ndi mapegi, dzina la aliyense pansi. Kholo lililonse lidzapita kukaona, ndipo njira yopitira kumeneko muidutsitse mkati mwa chionetsero. Aka ndi kaukathyali kololedwa.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Ngati pali zithunzi za anthu osavala kapena zoopsa, ziikeni m'chipinda chapadera ndi chikwangwani pakhomo, makolo asankhe okha. Ndipo ngati muli ndi nkhope za gule wamkulu, musalole kuti ana azivale ngati zoseweretsa. Ku Kungoni, ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a chikhalidwe ndi zaluso mu 1976, nkhope zotere zimaonetsedwa pamodzi ndi tanthauzo lake, mwaulemu wake. Funsani akuluakulu a dambwe zimene zingaonetsedwe ndi zimene zinganenedwe pagulu.

Nyimbo ziyambe dzuwa likamalowa, cha m'ma hafu pasiti 5. Apa ndinene mosabisa: bandi yathunthu ndi masipika aatali ngati munthu zimapha madzulo otere. Anthu amatembenukira kwa oimba, zithunzi n'kutsala zokha, makanda n'kuyamba kulira. Itanani woimba mmodzi kapena awiri, wa gitala yosalumikiza kumagetsi, wa bangwe, kaligo, sansi kapena malimba. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati anthu awiri oima moyandikana akuchita kukuwa kuti amvane, tsitsani. Oimba aimbe mphindi 20, apume mphindi 20, ndipo nthawi yopumayo wojambula mmodzi aime pa chithunzi chake n'kufotokoza m'Chichewa mmene anachipangira, kwa mphindi zosapitirira zisanu. Mlakatuli angalowenso pamenepo. Chabwino koposa n'kumuitana woimbayo kudzaona chionetsero masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti asankhe nyimbo zoyenderana ndi zimene zili pakhoma. Mumulipire ndalama imene mwagwirizana, tsiku lomwelo, musamuuze zoti "anthu adzakudziwa". Kudziwika sikugula ufa.

Chakudya chikhale chogwira m'manja ndi chotsika mtengo: zitumbuwa, mtedza, chimanga chootcha, tiyi wotentha m'nyengo yozizira. Itanani amayi a m'dera lomwelo adzagulitse. Ikani ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo lolowera mkati. Mowa, ngati simungachitire mwina, udikire ana atapita.

Pakhomo ana alowe ulere. Akuluakulu apereke kangachepe kapena aponye m'bokosi zimene angathe. Pa chithunzi chilichonse lembani dzina la wojambula ndi mtengo wake poonekera, chifukwa munthu wathu amaopa kufunsa mtengo kuti angachite manyazi. Chogulidwa chimamatidwa kadontho kofiira, ndipo chimakhalabe pakhoma mpaka chionetsero chitatha. Pakhalenso tinthu ting'onoting'ono, monga makadi ndi tizithunzi tokwana m'chikwama, kuti wa ndalama zochepa asatuluke chimanjamanja. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba zilembedwe pachikwangwani. Gawo limene nyumbayo idzatenge pa chogulitsidwa chilichonse mugwirizane ndi ojambula polemba, zithunzi zisanapachikidwe. Za kujambula ndi foni muwafunsenso eni zithunzi, popeza umwini ndi wawo malinga ndi lamulo la mu 2016, ndipo nkhope ya mwana isapite pa Facebook kholo lake lisanavomere.

Ikakwana 7 koloko lizani belu kapena ng'oma, ana akatenge zojambula zawo pachingwe. Mwana aliyense atuluke ndi wamkulu amene anabwera naye. N'chifukwa chake polowa muzilemba dzina la mwana ndi nambala ya foni ya womubweretsa. Panganani ndi akabaza odziwika kapena woyendetsa minibasi mmodzi kuti adikire pageti, ndipo wina wa inu aime pamenepo ndi tochi mpaka womaliza atakwera. Mukatseka, werengani zithunzi ndi ziboliboli molingana ndi mndandanda wanu usiku womwewo, mawa lisanafike.

M'mawa mwake khalani pansi ndi onse amene anathandiza, mlonda ndi amayi a zitumbuwa omwe, mufunse chimene chinavuta. Lembani chiwerengero cha ana ndi akuluakulu amene anabwera, ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka. Mwezi woyamba mwina mudzaona mabanja ochepa chabe. Musasinthe tsiku, musaimike; tumizani uthenga pa WhatsApp kwa onse amene anasiya nambala, muwauze tsiku la mwezi wamawa, ndipo muwapemphe kuti adzabwere ndi banja lina limodzi.