DUWA LA RAFFLESIA NDI KASUNGIDWE KAKE

Palibe mlimi wosadziwa kaufiti, amene amayamwa mizu ya chimanga mpaka mbeu zonse kupinimbira. Ku zilumba za Sumatra ndi Borneo kuli chomera china cha khalidwe lomweli, dzina lake Rafflesia arnoldii. Koma pamene kaufiti amazulidwa, ichi eni dziko amachilonda usana ndi usiku.

Chomerachi chiribe masamba, tsinde ngakhale mizu. Chimakhala ngati timaulusi m'kati mwa mpesa wa m'nkhalango wochedwa Tetrastigma, ndipo madzi ndi chakudya chimayamwa momwemo. Patapita nthawi, pa khungwa la mpesawo pamatuluka kachotupa kamene kamakula miyezi ngati 9 mpaka kufanana ndi kabichi. Tsono chimamasula duwa lofiira lamaangamaanga, lalikulu koposa maluwa onse pa dziko lapansi: m'mimba mwake pafupifupi mita imodzi, kulemera kwake kufikira makilogalamu 10.

Duwali limanunkha ngati nyama yoola, ndipo fungo limeneli liri ndi nchito. Maluwa amuna ndi akazi amamera payekhapayekha, chotero nchenche zobwera kudzafuna nyama ndizo zimanyamula mungu kuchokera ku lalimuna kunka ku lalikazi. Duwa limakhala masiku 5 kapena 7 okha, kenaka limada ndi kuola. Ngati lalimuna ndi lalikazi samasula pa nthawi imodzi ndiponso moyandikana, njere sizipangika.

Joseph Arnold ndi Stamford Raffles analiona mu 1818 kufupi ndi Bengkulu atalondoleredwa ndi munthu wa konko, ndipo dzinali linachokera kwa awiriwo. Mu 1993 boma la Indonesia linaliika pakati pa maluwa a fuko.

Chobvuta nchakuti nkhalango zikugwetsedwa kuti pakhale minda ya kanjedza wa mafuta, ndipo ena amathyola mphukira kukachita mankhwala. Mpesa ukadulidwa, duwa lafera pomwepo. Mu 2023 akatswiri anapeza kuti mwa mitundu 42 ya Rafflesia, 25 iri pafupi kutheratu.

Njira zolisungira ziripo. Ku Bogor, mu 2010, mtundu wina unamasula pa mpesa wochita kulumikiza. Ku Bengkulu anthu a m'midzi amachinga mphukira ndi mpanda, ndipo alendo odzaona duwa amasiya ndalama pamudzipo. Anthuwo anazindikira kuti wofuna duwali ayambe wasunga mpesa ndi mitengo imene mpesawo umayangapo.