Kompyuta Imodzi, Ophunzira Anayi: Aliyense Agwireko

M'sukulu zambiri za sekondale makompyuta ndi ochepa kuyerekeza ndi ophunzira, choncho aphunzitsi amagawa kalasi m'magulu. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti amene anaigwirapo kale kompyuta ndiye amakhala pampando, anzake n'kumangosuzumira kumbuyo kwake. Ntchito imatha msanga, aphunzitsi amachonga, gulu lonse lakhoza. Koma belu likamalira, amene wagwira kiyibodi ndi mmodzi yekha, yemwenso ankadziwa kale. Pa tsiku la mayeso, kapena tsiku limene mudzayesedwe pofunsira ntchito muofesi, mnzanu uja sadzakhalapo. Phunziro lino likufotokoza mmene gulu lingagwirire ntchito kuti aliyense atulukemo ndi luso m'manja mwake.

Mapulogalamu amene tikuphunzira

Ntchito zambiri za muofesi zimagwirika ndi mapulogalamu atatu. Microsoft Word, yomwe inatuluka koyamba mu 1983, ndi yolembera makalata ndi malipoti. Excel, ya mu 1985, ndi yowerengera ndalama, malikisi ndi katundu. PowerPoint, ya mu 1987, ndi yokonzera masamba oonetsa pamene mukuyankhula pagulu. Mukapeza kompyuta yopanda mapulogalamuwa musadandaule. Pali LibreOffice, yomwe ndi yaulere, ndipo ili ndi Writer, Calc ndi Impress zogwira ntchito zomwezo. Imathanso kutsekula mafayilo a Word ndi Excel. Mukadziwa imodzi, inayo siivuta.

Lamulo loyamba: wodziwa asagwire mausi

Luso la kompyuta lili ngati kupalasa njinga, sililowa poonerera. N'chifukwa chake pampando pazikhala amene sakudziwa, ndipo wodziwayo aziimirira pambali n'kumafotokoza ndi pakamwa pokha. Akaona mnzake akuchedwa kupeza batani, apirire, asamulande mausi. Nayenso amapindula, pakuti kufotokoza chinthu m'mawu kumaulula ngati ukuchimvetsadi kapena unangochiloweza.

M'gulu la anthu anayi gawanani chonchi: wina azitayipa, wina aziwerenga malangizo mokweza, wina aziyang'ana zolakwika pa sikirini, wina azilemba m'kope njira imene mwatsata. Pakatha mphindi khumi sinthanani. Muike munthu woyang'ana wotchi, chifukwa amene wazolowera mpando sadzuka yekha. Atsikana ndi ophunzira amanyazi asamangopatsidwa ntchito yolemba m'kope tsiku lililonse.

Lamulo lachiwiri: aliyense akhale ndi chophunzitsa anzake

Mu 1971, katswiri wina dzina lake Elliot Aronson anayambitsa njira yotchedwa jigsaw m'sukulu za mumzinda wa Austin, ku Texas m'dziko la America. Pa nthawiyo ana a mitundu yosiyana anali atangoyamba kuphunzira m'kalasi limodzi, ndipo ankadana. Iye anagawa phunziro m'zidutswa n'kupatsa mwana aliyense m'gulu chidutswa chake, moti kuti gulu limvetse phunziro lonse linayenera kumvera aliyense, ngakhale amene ankamupeputsa.

Nafenso tingachite chimodzimodzi. Pa phunziro la Word, wina aphunzire kukonza mutu ndi ndime, wina kuika tebulo, wina kuika chithunzi, wina kuika manambala a masamba. Amene apatsidwa gawo lofanana m'magulu onse akumane kaye n'kulimvetsa bwino, kenako aliyense abwerere kugulu lake akaphunzitse. Apa palibe wongodya za anzake. Mutu umodzi susenza denga, koma denga silisenzekanso ngati ena angogwira ndi nsonga za zala.

Ntchito yoyeserera pa Excel

Tiyerekeze kuti gulu lanu lapatsidwa ntchito yokonza bajeti ya phwando lotsanzikana ndi a Fomu 4. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza. Mumzere woyamba lembani mitu inayi: m'kabokosi A1 Chinthu, B1 Kuchuluka, C1 Mtengo, D1 Zonse. Kenako aliyense alowetse mzere wake. Woyamba alembe mpunga, 20, 3000. Wachiwiri mafuta ophikira, 5, 6000. Wachitatu nyama ya mbuzi, 10, 8000. Wachinayi shuga, 4, 3500.

M'kabokosi D2 lembani =B2*C2 ndipo dinani Enter. Mutuluka 60000. Aliyense alembe fomula ya mzere wake mpaka D5. M'kabokosi D6 lembani =SUM(D2:D5). Mukapeza 184000 ndiye kuti mwakhoza.

Tsopano sinthani mtengo wa mpunga ukhale 3500. Popanda kuwerengeranso, D2 isintha kukhala 70000 ndipo D6 ikhala 194000. Mphamvu ya pulogalamuyi yagona pomwepa. Dan Bricklin, yemwe pamodzi ndi Bob Frankston anatulutsa VisiCalc mu 1979, kholo la mapulogalamu a mtunduwu, anapeza ganizoli ali wophunzira ku Harvard, ataona kuti nambala imodzi ikasintha pabolodi, pamafunika kufufuta ndi kuwerengeranso ena ambiri.

Woyang'ana zolakwika asamale zinthu ziwiri. Fomula iliyonse imayamba ndi chizindikiro cha =, apo ayi kompyuta imaiona ngati mawu wamba. Chachiwiri, musalembe K kutsogolo kwa mtengo. Mukalemba K3000, Excel iona mawu osati nambala, ndipo mu D2 mutuluka #VALUE! m'malo mwa yankho.

Mukamaliza, lembani pa Word kalata yaifupi yopita kwa ahedi yopempha ndalamazo, ndipo muikemo tebulo la bajeti. Kenako konzani masamba atatu pa PowerPoint ofotokozera kalasi. Aliyense ayankhulepo, ngakhale kwa mphindi imodzi.

Zizolowezi zopulumutsa ntchito

Magetsi sachenjeza akamazima. Sungani fayilo mutangoyamba, muipatse dzina lomveka monga "Bajeti Gulu 3", ndipo dinani Ctrl ndi S nthawi iliyonse mukamasinthana pampando. Mukalakwitsa, Ctrl ndi Z zimabweza chimene mwangochita. Muphunzitseni zimenezi mnzanu wamantha tsiku loyamba lomwe, chifukwa ambiri amaopa kugwira kompyuta poganiza kuti aiwononga. Ctrl ndi C ndi zokopera, Ctrl ndi V ndi zomatira. Nthawi ya m'chipinda cha makompyuta ndi yochepa, choncho jambuliranitu tebulo m'kope ndi kulemberatu mafomula musanalowe.

Mudziwa bwanji kuti gulu lamaliza?

Fayilo ikasungidwa si ndiye kuti ntchito yatha. Tsekulani tsamba latsopano, ndipo aliyense payekha, anzake ali chete, apange mizere iwiri ya bajeti ndi fomula yophatikiza. Amene wakanika asasekedwe. Iyeyo ndiye ayambe kukhala pampando pa phunziro lotsatira.

Ntchito ya sabata ino: gulu lililonse lilembe malikisi ongopeka a ophunzira asanu pa maphunziro atatu, ndipo lipeze avereji ya aliyense pogwiritsa ntchito fomula yonga =AVERAGE(B2:D2). Pansi pa ntchitoyo lembani dzina la aliyense ndi mzere umene watayipa ndi manja ake.