Phunziro: Malamulo a Zokambirana pa Msonkhano wa Chitukuko

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998 inapatsa nzika mwayi wodzisankhira chitukuko cha m'dera lawo. Zofuna za mudzi zimayambira ku komiti ya VDC, n'kupita ku ADC, kenako kukhonsolo. Choncho msonkhano wa m'mudzi ukathera m'mikangano, mjigo kapena mlatho umene anthu akuufuna sufika pa mapulani a khonsolo.

N'chifukwa chake komiti iliyonse iyenera kukhazikitsa malamulo a zokambirana nkhani yovuta isanabuke. Lamulo lopangidwa mkangano uli mkati limaoneka ngati njira yotsekera wina pakamwa.

Malamulo ofunika ndi awa. Wofuna kulankhula akweze dzanja, adikire wapampando amuloze. Wotsutsa atsutse ganizo, asanyoze munthu, mtundu kapena chipani chake. Wonena kuti ndalama zasowa abwere ndi umboni. Amayi, achinyamata ndi anthu aulumali apatsidwe mpata. Wotukwana achenjezedwe kaye, akabwereza atulutsidwe.

Malamulowa asasiye aliyense, ngakhale mfumu kapena khansala. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu sabweranso kumsonkhano, ndipo nzeru zake zimatsalira kunyumba. Paja mutu umodzi susenza denga.