Kuphunzitsa Kalendala Monga Mmene Kompyuta Iŵerengera Masiku

Pamene tinali kuyendera ophunzira athu oyeserera uphunzitsi kwa Chapananga, tinapeza ana a Sitandade 7 ataloŵeza kuti Febuluwale amakhala ndi masiku 28 kapena 29, koma osadziŵa ntchito ya tsiku lapaderalo. Njira imene tifotokoza pano sifuna kompyuta ayi. Choko ndi bolodi nzokwanira.

Mphunzitsi ayambe ndi tsiku limene anawo alikumbukira. Pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa chimvula chimene chinadzaza mtsinje wa Mwanza, mlatho wa Chapananga nuwonongeka. Linali Lolemba. Nanga deti lomwelo mu 2023 linagwa tsiku lanji? Ana agaŵe 365 ndi 7: apeza milungu 52, nkutsala tsiku limodzi. Tsiku lotsalali ndilo limakankhira deti kutsogolo: 2023 Lachiŵiri, 2024 Lachitatu. Tsono afunse za 2025. Ambiri adzati Lachinayi, ndipo mphunzitsi asafulumire kuwakonza. Awapatse kalendala ya chakacho, adzionere okha kuti linali Lachisanu. Akafufuza bwino, adzapeza kuti woloŵerera ndi 29 Febuluwale 2024.

Apa mpamene lamulo lilembedwe pa bolodi, sitepe ndi sitepe, monga achitira olemba mapulogalamu. Chaka chikagaŵika ndi 4, nchamasiku 366. Chikagaŵikanso ndi 100, nchamasiku 365, pokhapokha chitagaŵika ndi 400. Mwana mmodzi akhale makina: anzake amupatse chaka, iye atsate zolembedwazo popanda kuwonjezera nzeru zake. Amuyese ndi 2000, 1900 ndi 2100. Ife timakonda kufufutako mzere wachiŵiri mwadala, kuti ana aone makina akulakwa mokhulupirika. Kulakwaku sikwa ana okha: pulogalamu ya Excel imavomera 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhaleko, pakuti kalendala ya Papa Gregory XIII ya mu 1582 imakana chaka chimenecho.

Kwa aphunzitsi amene adzafika pa chilankhulo cha Python, tiwachenjeze chinthu chimodzi. Maina athu a masiku ali ndi nambala kale: Lachiŵiri, Lachitatu, kufikira Lachisanu. Koma lamulo la weekday() limayamba kuŵerenga ndi 0 pa Lolemba, kotero Lachiŵiri limatuluka 1, mwana nkusokonezeka. Lamulo la isoweekday() ndilo ligwirizana ndi Chicheŵa, pakuti limapatsa Lolemba 1 ndi Lachisanu 5, ndipo nlomwe timayambira nalo m'kalasi.