PHUNZIRO LA SADAKA: SUKULU ZA ANA OSAUKA A KU CAMBODIA



Abale ndi alongo, Ramadhan ndi mwezi umene dzanja limafewa. Munthu amene waswera osalawa kanthu amaudziwa ululu wa njala, ndipo akamva za mwana wosowa safuna kuuzidwa kawiri. Ndi mwezi womwewunso umene makalata opempha chithandizo amachuluka: uyu akuti timange madrasa, uyo akuti timange sukulu ya ana ovutika. Tsono phunziro la lero likutengerani kutali, ku dziko la Cambodia, kumene anthu akhala akumangira ana osauka sukulu ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino kwa zaka zoposa 30. Ena zinawayendera, ena anapweteka ana omwe ankati akuwathandizawo. Tiyeni tione pamene anasiyanira awa ndi awo, kuti ndalama yanu potuluka m'thumba izituluka mukudziwa chimene ikukachita.

1. Chimene chinagwetsa sukulu za m'dzikolo

Dziko la Cambodia lili ku Asia, pakati pa Thailand, Laos ndi Vietnam. Anthu ake ambiri ndi a mtundu wa Khmer ndipo amatsata Chibuda. Alikonso Asilamu ochepa, ambiri mwa iwo a mtundu wa Cham. Chakudya chawo ndi mpunga ndi nsomba. Pakati pa dzikolo pali nyanja yotchedwa Tonle Sap, imene m'dzinja imasefukira n'kukula kangapo kuposa m'chilimwe, kotero kuti asodzi ena amakhala m'nyumba zoyandama ndipo ana awo amapita ku sukulu pa bwato. Inu a m'mbali mwa nyanja simufunika kuuzidwa m'mene mwana wa msodzi amakokedwera uku ndi kalasi, uku ndi khoka.

Pa 17 April 1975 gulu la Khmer Rouge, lotsogozedwa ndi Pol Pot, linalanda mzinda wa Phnom Penh. Linathamangitsira anthu kumidzi kukalima mokakamizidwa, linathetsa ndalama ndi misika, linaletsa mapemphero a mtundu uliwonse, ndipo linatseka sukulu. Kukhala wophunzira unali mlandu. Sukulu ina ya sekondale inasandutsidwa ndende yozunziramo anthu yotchedwa Tuol Sleng. Pofika January 1979, pamene gululi linachotsedwa, anthu pakati pa 1.5 miliyoni ndi 2 miliyoni anali atafa ndi njala, matenda ndi kuphedwa, m'dziko la anthu pafupifupi 8 miliyoni. Aphunzitsi ambiri anafa kapena kuthawa. Poyambiranso, amene ankadziwa pang'ono ndiye ankaphunzitsa amene sadziwa kanthu. Taonani pamenepa: nyumba ya sukulu itha kumangidwa m'miyezi yochepa, koma mphunzitsi amatenga zaka kuti apse.

2. Ana a pa dzala la Stung Meanchey

Mu 1995 bambo wina wa ku France, Christian des Pallières, amene anali atapitirira zaka 60, anafika pa dzala lalikulu la mzinda wa Phnom Penh lotchedwa Stung Meanchey. Anapeza ana akufukula zinyalala m'kati mwa utsi, kutola mapulasitiki ndi zitini zokagulitsa, ena akudya zotsala zoola zomwe atola pomwepo. Iye ndi mkazi wake, Marie-France, sanathamangire kuumba njerwa ayi. Anayamba ndi kufunsa anawo chimene akufuna. Anawo anatchula zinthu ziwiri: chakudya kamodzi pa tsiku, ndi kupita ku sukulu monga anzawo.

Motero mu 1996 anakhazikitsa bungwe lotchedwa Pour un Sourire d'Enfant, mwachidule PSE. Chinthu choyamba kuima chinali chisakasa chabe pafupi ndi dzalalo, choti ana azidyerapo, kusamba ndi kutsukidwa mabala. Sukulu inabwera pambuyo pake.

Koma atatsegula kalasi anakumana ndi mwala wina. Mwana wa pa dzala ankabweretsa kandalama kunyumba madzulo aliwonse, ndipo pa kandalamako ndi pamene banja linkagulira mpunga. Kumutenga mwanayo n'kumuika m'kalasi kunali ngati kulanda mbale ya banja lonse. Kodi makolowo tiwanene kuti ndi ankhanza? Iyayi, inali njala. Tsono bungwelo silinalimbane nawo ndi mau. Linapangana nawo kuti mwana akamapita ku sukulu osajomba, banja lizilandira mpunga m'malo mwa ndalama imene mwanayo akanatola. Umu ndi m'mene ana anakhazikikira m'kalasi.

Mwala wachiwiri unali msinkhu. Mtsikana wa zaka 12 amene sanagwirepo pensulo sangakhale pa benchi limodzi ndi tiana ta zaka 6. Amachita manyazi, n'kuthawa. Choncho anakonza makalasi ofulumiza, oti ntchito ya zaka ziwiri izitha m'chaka chimodzi, kuti ochedwawo awapeze anzawo. Ana ena ambiri sanawamangire sukulu yapadera konse, koma anawalowetsa m'sukulu za boma zomwe zinalipo kale, n'kumawagulira yunifolomu, makope ndi chakudya.

Mwala wachitatu unaoneka ana oyamba atakula. Mnyamata wodziwa kuwerenga koma wopanda luso la manja ankatha kubwerera ku dzala komweko. Pachifukwachi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anatsegula maphunziro a ntchito: kuphika, ntchito za m'hotela, umakaniki, zomangamanga ndi za malonda. Anatsegulanso malo odyera otchedwa Lotus Blanc, kumene ophunzira amaphikira alendo enieni. M'zaka za m'ma 2010 bungweli linkathandiza ana oposa 6,000 pa chaka, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito ake anali Akhmer eni dziko.

Nanga ndalama zinkachokera kuti? Chaka ndi chaka banjali linkabwerera ku France n'kuzungulira mizinda pa galimoto yogonamo, kuonetsa anthu ntchito imene yachitika ndi kupempha oti azipereka mwezi ndi mwezi. Sanadalire mwinichuma mmodzi woti akakwiya zonse ziime. Anadalira anthu wamba ambiri, aliyense kakeko, osadukiza. Mutu umodzi susenza denga. Dzala la Stung Meanchey linatsekedwa mu 2009, Christian anamwalira mu 2016, koma ntchitoyo sinafe naye limodzi.

3. Dzina pa khoma

Kumidzi vuto linali lakuti nyumba ya sukulu yeniyeniyo kunalibe. Mtolankhani wa ku America, Bernard Krisher, kudzera m'bungwe lake la American Assistance for Cambodia, anayamba mu 1999 kumanga sukulu za kumidzi. Cha m'ma 2008 wopereka ankaika madola pafupifupi 13,000, ndipo ndalama zina zinkaonjezeredwa kuchokera ku World Bank kapena Asian Development Bank. Sukulu ikatha inkalowa m'manja mwa Unduna wa Maphunziro, umene unkatumiza aphunzitsi ndi kuwalipira. Mwa njira imeneyi sukulu zoposa 500 zinamangidwa. Krisher anamwalira mu 2019.

Woperekayo ankaloledwa kuitcha sukuluyo dzina limene akufuna. Ankapemphedwanso kupitiriza: kukumba chitsime, kuyambitsa dimba la ndiwo zoti ana azidya, kapena kulipira mphunzitsi wa Chingerezi ndi kompyuta. Panalinso dongosolo lopatsa banja losauka madola 10 pa mwezi ngati mwana wawo wamkazi sakujomba. Mwaona? Ku mzinda anapereka mpunga, kumidzi anapereka ndalama, koma nzeru yake ndi imodzi: chimene chikumuletsa mwana kufika pakhomo la kalasi chiyenera kuchotsedwa, apo ayi kalasiyo ikhala yogonamo mbuzi.

Za dzina pa khoma, aliyense ayang'ane niya yake, pakuti kudzionetsera kumadya sawabu monga chiswe chidyera mtengo. Koma ngati dzina lanu lalembedwapo, dziwani kuti denga likadontha ndi lanunso, mphunzitsi akasowa malipiro ndi wanunso. Walira mvula walira matope.

4. Mawa sukuluyi idzakhala ya yani?

Bungwe lina ndi Krousar Thmey, kutanthauza banja latsopano. Linayambitsidwa mu 1991 ndi Benoît Duchâteau-Arminjon m'misasa ya othawa nkhondo kumalire a Thailand. Linatsegula sukulu ya ana osaona mu 1994 ndi ya ana osamva mu 1997, pa nthawi imene ana otere analibe kophunzira. Linathandiza kukonza zilembo za Braille za chiyankhulo cha Khmer ndi chiyankhulo cha manja cha m'dzikolo, ndipo linaphunzitsa aphunzitsi a komweko. Kenaka mu 2019 sukulu zake zisanu zinaperekedwa m'manja mwa boma.

Ena angati, ha, kukhetsa thukuta zaka zonsezo n'kudzapatsa wina? Koma womanga wanzeru amadziwa kuti iye ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sukulu yomangidwa pa munthu mmodzi imagwa tsiku la maliro ake. Imene ili ndi eni ake okonzekeretsedwa imaphunzitsa ndi adzukulu omwe.

5. Chenjezo: chifundo chikasanduka malonda

Si zonse zinayenda bwino ku Cambodia. Alendo okaona malo atachuluka, nyumba zotchedwa za ana amasiye nazonso zinachuluka. Pakati pa 2005 ndi 2010 chiwerengero chake chinakwera ndi 75 pa 100 aliyense. Kafukufuku amene boma la dzikolo linatulutsa mothandizidwa ndi UNICEF mu 2011 anaonetsa kuti pa ana anayi aliwonse okhala m'nyumbazi, pafupifupi atatu anali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Makolo osauka ankapereka ana awo chifukwa cholonjezedwa maphunziro. M'nyumba zina ana ankavinitsidwa pamaso pa alendo kuti ndalama zigwe, ndipo kusauka kwa mwana kunasanduka katundu wa pa msika.

Operekawo anali ndi mitima yabwino, koma sanafunse. Ndalama yawo inalekanitsa mwana ndi mayi ake, pamene ndalama yomweyo ikanatha kumuphunzitsa akugona kwawo. Tsono musanyengedwe ndi chithunzi cha mwana wolira chokha. Sukulu yabwino ya ana osauka imalimbitsa banja. Simalowa m'malo mwa banja pokhapokha ngati mwanayo alibiretu womusunga kapena ali pa ngozi kwawoko.

6. Kodi ndi zakaat kapena sadaka?

Funso ili limabwera chaka chilichonse. Zakaat ya ndalama ndi K2.50 pa K100 iliyonse, kwa amene chuma chake chakwana nisaab ndipo chatha chaka. Ili ndi magulu ake asanu ndi atatu oilandira. Ma ulamaa ambiri, kuphatikizapo a madh-hab a Imam Shafi'i, anaphunzitsa kuti zakaat iperekedwe m'manja mwa woyenerayo kuti ikhale yake, ndipo siigwiritsidwa ntchito pomangira makoma. Choncho njerwa, malata ndi mabenchi zimachokera ku sadaka yodzifunira ndi wakfu. Sadaka yotere ndiyo imatchedwa sadaka jaariya, yoyenderera ngati mtsinje, popeza sawabu zake zimapitirira malinga anthu akupindula nayo. Ndipo sadaka yodzifunira ilibe malire a mtundu kapena chipembedzo: mwana wa Chikhmer wa makolo Achibuda ndi woyenera chifundo monga mwana wina aliyense. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma gwiritsani mau akuti jaariya. Mtsinje umatchedwa mtsinje chifukwa madzi akuyenda. Nyumba ya sukulu yokhomedwa loko, yopanda mphunzitsi, yopanda mwana, ndi khwawa louma.

7. Mafunso ofunsa musanapereke

Mukatha futari, kapena pochokera ku Taraweh, kambiranani mafunso awa pabanja, ndipo mudzawafunse kwa aliyense wobwera ndi kalata yomanga sukulu, kaya ya kutali kaya ya pafupi.

Choyamba: Kodi ana ndi makolo awo anafunsidwa chimene chikuwaletsa kuphunzira, monga anafunsidwira ana a ku Stung Meanchey?

Chachiwiri: Makoma akatha, adzalipira mphunzitsi ndani, chaka chino ndi chaka cha mawa?

Chachitatu: Mwana adzadya chiyani, ndipo banja limene lataya manja ake lidzathandizidwa bwanji?

Chachinayi: Malo ndi nyumbayo zalembedwa m'dzina la yani, ndipo woyambitsayo akadzachoka zidzatsala ndi yani?

Chachisanu: Kodi pali buku la ndalama zolowa ndi zotuluka limene wopereka angalione?

Kufunsa chonchi si kukayikira m'bale wanu. Ndalama ya sadaka ndi amaana, kwa woipereka ndi kwa woisunga yemwe, ndipo munthu wokhulupirika amakondwa akafunsidwa. Mukakhutira, perekani, ndipo ngati n'kotheka gawani choperekacho kuti chizipita mwezi ndi mwezi, pakuti njala ya mwana ndi malipiro a mphunzitsi sizitha pa tsiku la Idi. Pang'ono posadukiza mpamene panaimika sukulu za ana a pa dzala aja. Kupatsa n'kuika.

Allah alandire swaumu yanu ndi sadaka zanu, awachitire chifundo ana osauka kulikonse kumene ali, ndipo atipatse nzeru popereka monga watipatsira mtima wofuna kupereka. Aamiin.